Mwana wobadwa fayilo ili m'njira: lipoti la tsiku lotsimikizira PR ku Canada

Lipotili likunena za kasitomala wanga, bambo wa zaka za m'ma 30, amene pempho lawo lokhala ku Canada mokhazikika, lomwe anthu amangoti PR, linavomerezedwa, koma tsiku limene anaitanidwa ku ofesi ya imigireshoni anatulukamo asanakhale PR. Sanakanidwe ayi. Ofisala anaimitsa kaye zonse chifukwa cha nkhani imene bambowa ananena ndi pakamwa pawo, ndipo amene anawalangiza kuti ainene ndine. Ndachotsa dzina lawo, mzinda umene amakhala ndi malo awo a ntchito.

Ntchito yanga ndi yolangiza anthu pa za imigireshoni, ndipo ndili m'kaundula wa College of Immigration and Citizenship Consultants, bungwe limene linayamba kuyang'anira alangizi ngati ine mu Novembala 2021. Gawo 91 la lamulo la Immigration and Refugee Protection Act limaletsa munthu wamba kulipiritsa ena pa uphungu wotere; ololedwa ndi maloya, alangizi a m'kaundula ndi ena ochepa otchulidwa m'lamulomo. Koma lamulo silingaletse uphungu waulere wa pa WhatsApp, ndipo malangizo amene anatsala pang'ono kulekanitsa bambowa ndi mwana wawo anachokera kwa anzawo apamtima, anthu owafunira zabwino ndithu.

Mmene zinthu zinalili

Bambowa anabwera ku Canada monga wophunzira. Atamaliza sukulu analandira pemiti yogwirira ntchito, ndipo atakwanitsa chaka pa ntchito ya luso anapempha PR kudzera mu Express Entry, njira ya pa intaneti imene boma limasankhira opempha powapatsa mapointi, m'gulu la Canadian Experience Class, limene limafuna maola 1,560 a ntchito yogwiridwa ku Canada m'zaka zitatu zapitazo. Anadzilembera okha pempholo, popanda mlangizi, ndipo analilemba bwino. Pa funso la banja anayankha kuti ndi osakwatira ndipo alibe mwana. Tsiku limene anatumiza pempho, zimenezi zinali zoona.

Chimene chinalipo n'chakuti asanatumize pempholo anali atapita kwawo ku tchuthi, ndipo bwenzi lawo la nthawi yaitali linatenga pathupi. Mwana anabadwa fayilo ili kale m'manja mwa IRCC, unduna woona za anthu olowa m'dziko, othawa kwawo ndi unzika. Bambowa sanadziwitse undunawo. Patapita miyezi iwiri anauzidwa kuti pempho lawo lavomerezedwa, kenako kunabwera kalata yowaitanira ku ofesi ya IRCC kuti akatsimikizidwe. Masiku ano anthu ambiri amene ali kale m'dzikomo amamalizitsa zimenezi pa intaneti, pa Permanent Residence Portal, koma alipo ena amene amaitanidwa kuti akaonekere maso ndi maso, ndipo bambowa anali m'gulu limenelo.

Anandipeza kutatsala masiku ochepa. Sanabwere chifukwa cha mwana. Ankafuna kudziwa mapepala oti anyamule, komanso kuti khadi la PR limatenga nthawi yaitali bwanji chifukwa ankafuna kuyenda mwamsanga. Ndinawafunsa chimene ankathamangira.

"Ndikufuna ndikamuone mwana, mayi."

"Mwana wa ndani, bambo?"

"Wanga. Wangokwanitsa miyezi iwiri."

"A IRCC akudziwa?"

Anakhala chete kaye. Kenako anati, "Anzanga anati ndisasokoneze fayilo poti yatha kale. Mwanayo sakubwera nane. Akuti ndikalandira PR ndidzamuitanitsa bwinobwino."

Chimene lamulo limanena

Maganizo amenewa ali ndi zolakwika ziwiri, ndipo zonse ndimazimva kawirikawiri.

Choyamba ndi kuganiza kuti fayilo yatha. Kalata yovomereza siipanga munthu kukhala PR. Ngakhale chikalata chotchedwa Confirmation of Permanent Residence, kapena kuti COPR, chimakhala pepala chabe mpaka ofisala atakhutira ndi kuchitsimikiza. Gawo 21 la lamulo lija limati munthu amakhala PR pamene ofisala wakhutira kuti wakwaniritsa zofunika ndipo palibe chomulepheretsa. Choncho kukumana kwa ku ofesi kuja si mwambo wolandirira mphatso. Ndi kufunsidwa komaliza, ndipo gawo 16 limalamula kuyankha zoona. Ndime 51 ya malamulo ang'onoang'ono a imigireshoni imapitirira pamenepo: munthu ayenera kuuza ofisala ngati wakwatira, ngati ukwati watha, kapena ngati pali mfundo yofunika imene yasintha kapena imene sinanenedwe, ndipo ayenera kusonyeza kuti iye ndi a m'banja lake, kaya akutsagana naye kaya ayi, akukwaniritsa zimene lamulo likufuna.

Mawu akuti "kaya ayi" ndi amene amagwetsa anthu, ndipo apa ndi pamene pali cholakwika chachiwiri. Mwana wosakwana zaka 22 amene sali pa banja amawerengedwa kuti ndi wa m'banja la wopempha, ngakhale atakhala kutsidya kwa nyanja ndi mayi ake, ngakhale makolo ake asanakwatirane, ngakhale palibe amene akuganiza zomutumiza ku Canada. Ayenera kutchulidwa ndi kuyezedwa ndi dokotala wovomerezeka ndi IRCC bambo kapena mayi ake asanakhale PR.

Akapanda kutchulidwa, ndime 117(9)(d) ya malamulo ang'onoang'ono aja imagwira ntchito. Imati wa m'banja amene sanatsagane ndi wopempha ndipo sanayezedwe pa nthawi ya pempho la PR, sawerengedwa m'gulu la achibale amene munthuyo angathe kuwaitanitsa. Chiletso chimenechi chilibe malire a zaka. Bambo akhoza kudzakhala nzika, kugula nyumba, kulipira misonkho kwa zaka makumi awiri, koma mwana uja amakhalabe kunja kwa gululo. Mu 2005 khoti la Federal Court of Appeal, pa mlandu wa de Guzman, mayi amene sanatchule ana ake aamuna polowa m'dzikomo, linagamula kuti ndimeyi ndi yovomerezeka. Bungwe la Canadian Council for Refugees lakhala likuidandaula kwa zaka zambiri chifukwa chogawa mabanja, ndipo mu Seputembala 2019 boma linayamba ndondomeko yapadera yofewetsa chiletsochi. Koma ndondomekoyo inakhudza anthu amene analowa monga othawa kwawo, otetezedwa, kapena oitanitsidwa ndi mwamuna, mkazi kapena kholo. Olowa kudzera m'magulu a ntchito, ngati bambowa, sanaphatikizidwe. Chikanawatsalira ndi kupempha chifundo pansi pa gawo 25, njira yaitali, yodula, imene zotsatira zake zimadalira kuona kwa ofisala.

Pamwamba pa izi pali gawo 40, lonena za kubisa kapena kupotoza mfundo yofunika. Munthu wopezeka ndi mlandu umenewu akhoza kulandidwa PR, kulamulidwa kutuluka m'dziko ndi kuletsedwa kwa zaka zisanu. Ndipo nthawi zambiri umboni amaupereka ndi munthu mwini wake: tsiku limene watumiza pempho loitanitsa mwana, satifiketi ya kubadwa imasonyeza kuti mwanayo analipo kale pamene bambo ake ankauza ofisala kuti alibe mwana.

Ine ndimaona kuti ndime 117(9)(d) ndi yolemera kuposa cholakwa chimene imalanga, chifukwa amene amamva ululu wake ndi mwana amene sanasayine fomu iliyonse. Koma maganizo anga sasintha lamulo, ndipo ndinawauza bambowa mosapita m'mbali kuti akakangokhala chete pa tsikulo, adzakhala atasinthanitsa mwana wawo ndi miyezi yochepa ya kudikira.

Zimene ndinafufuza ndisanapereke uphungu womaliza

Kunena kuti "kanene zoona" n'kosavuta. Mlangizi ayenera kudziwanso chimene choonadicho chidzayambitse, kuti kasitomala asakadzidzimuke ali pamaso pa ofisala.

Ndinayamba ndi masiku. Ndinaika tsiku lobadwa mwana pambali pa tsiku limene pempho linatumizidwa. Mwana anabadwa pambuyo pake, kutanthauza kuti mafomu oyambirira sananame. Pathupi si mwana woti alembedwe pa fomu. Vuto linali kuchedwa kudziwitsa, ndipo kuchedwa kumakonzeka malinga munthu asanatsimikizidwe.

Funso limene linanditengera nthawi linali la mayi a mwana. Lamulo la Canada limazindikira anthu awiri amene akhala pamodzi ngati banja kwa miyezi 12 yotsatizana ngakhale alibe mtchatho, ndipo oterewa amawerengedwa mofanana ndi okwatirana. Zikanapezeka kuti bambowa anakhalapo m'nyumba imodzi ndi mayiwa kwa chaka chathunthu ndipo ubwenzi ukupitirira, ndiye kuti yankho lawo lakuti ndi osakwatira likanakhala lolakwika kuyambira pachiyambi. Zikanakhudzanso mapointi awo a Express Entry, chifukwa kawerengedwe kake kamasiyana pakati pa wokhala yekha ndi wotsagana ndi mnzake. Tinadutsa chaka ndi chaka, adiresi ndi adiresi, tikuyang'ana masitampu a mu pasipoti ndi mapangano a lendi. Anadziwana ali pa sukulu kwawo, aliyense akukhala kwa makolo ake, ndipo chibwerere ku Canada ankangoonana pa tchuthi cha masabata ochepa. Sanakhalepo limodzi. Ndinawapempha kuti alembe zonsezi m'kalata yolumbira, chifukwa ndinkadziwa kuti ofisala akamva za mwana, funso lotsatira lidzakhala la mayi.

Mwana payekha sasintha mapointi. Pa ndalama, Canadian Experience Class siifuna umboni wa ndalama zoyambira moyo. Akanakhala m'gulu la Federal Skilled Worker popanda ntchito yolonjezedwa, nkhani ikanakhala ina, chifukwa ndalama zofunika zimakwera ndi kukula kwa banja, ndipo mwana wosatsagana amawerengedwanso.

Za thanzi la mwana bambowa ankaziopa kwambiri, poti anamva kuti matenda a wa m'banja akhoza kulepheretsa banja lonse. N'zoona kuti magawo 38 ndi 42 amalola zimenezi pa zochitika zina. Koma mwanayu anabadwa bwino ndipo ankakula bwino, komanso kuyeza khanda n'kopepuka: kujambula chifuwa kumayambira zaka 11, ndipo kuyeza magazi kawirikawiri kumayambira zaka 15.

Tsiku lomwelo bambowa anasayina fomu IMM 5476 yondilola kuwaimira, ndipo tinatumiza uthenga ku IRCC kudzera pa fomu ya pa intaneti, wonena kuti kwabadwa mwana, dzina lake, tsiku ndi malo obadwira, ndi kupempha kuti awonjezeredwe m'fayilo monga wosatsagana nawo. Tinaikapo chithunzi cha satifiketi ya kubadwa, pomwe dzina la bambowa linalembedwa monga bambo. Nthawi inali yochepa kwambiri moti sitinayembekezere yankho tsiku lisanafike. Cholinga chinali chakuti pakhale umboni wa tsiku ndi ola wosonyeza kuti ananena okha asanafunsidwe.

Bambowa anafunsa ngati sikungakhale bwino kungojomba. Ndinakana. Kusapita popanda kunena kumasiya fayilo m'malere, ndipo kalata yowaitana inali isanasinthidwe.

Tsiku la ku ofesi

Ananyamula kalata yowaitana, pasipoti, pemiti yawo ya ntchito, zithunzi ziwiri za muyeso wa mamilimita 50 ndi 70 zokhala ndi dzina la wojambula ndi tsiku kumbuyo, lisiti ya Right of Permanent Residence Fee, ndalama yolipira munthu asanakhale PR, imene kuyambira pa 30 Epulo 2024 inali madola 575 a ku Canada, ndi adiresi yawo yolembedwa bwino papepala. Pamwamba pa zonse tinaika satifiketi ya mwana, kalata yolumbira ija ndi umboni wa uthenga umene tinatumiza.

Ndinapita nawo, koma ndinali nditawauziratu kuti mlangizi sayankhira kasitomala. Ndingathe kumvetsera, kulemba ndi kufotokozera pamene ofisala wandilola. Mafunso ndi awo. Ndinawauzanso zinthu ziwiri: asasayine pepala lililonse ofisala asanawauze, ndipo asadikire kuti funso la ana lifike.

Titaitanidwa, ofisala anatenga pasipoti, kuyerekeza nkhope ndi chithunzi, ndi kuyamba kuwerenga zolembedwa pa COPR: kalembedwe ka dzina, tsiku lobadwa, dziko la unzika. Kawirikawiri pamatsatira mafunso ochepa, ngati munthu anapezekapo wolakwa pa mlandu, ngati anakanizidwapo kulowa kapena kulamulidwa kutuluka mu Canada, ndiponso ngati ali ndi ena omudalira kupatula olembedwawo. Asanafike pamenepo, bambowa anapempha kuti anene kanthu. Mawu awo ankanjenjemera, koma ananena zonse m'ziganizo zitatu: kuti ali ndi mwana wamkazi wobadwa atatumiza kale pempho, kuti mwanayo ali kwawo ndi mayi ake, ndi kuti anadziwitsa undunawo masiku apitawo.

Ofisala anaika cholembera pansi n'kutenga mapepala aja. Anafunsa tsiku lobadwa mwana. Anafunsa ngati anakwatirana ndi mayiwo, ngati anakhalapo nyumba imodzi, kwa nthawi yaitali bwanji, ndi liti pamene anaonana komaliza. Anafunsanso chifukwa chimene sananenere mwana atangobadwa. Funso limeneli tinali titalikambirana, ndipo uphungu wanga unali woti asapeke chifukwa chokoma. Anayankha kuti ankaganiza kuti mwana wosatsagana naye safunika kutchulidwa, ndipo atadziwa kuti analakwitsa anadziwitsa tsiku lomwelo. Ofisala analemba kwa kanthawi pa kompyuta, kenako anafotokoza mwaulemu kuti sangawatsimikize tsikulo, chifukwa mwanayo ayenera kuwonjezeredwa ndi kuyezedwa kaye, ndipo kalata ya malangizo ibwera. Anawabwezera pasipoti ndi pemiti. COPR inatsala yosasayinidwa.

Titatuluka, bambowa anatsamira khoma. M'chipinda chodikirira munali banja lina likujambulana ndi mapepala awo m'manja.

"Mayi, ndikanangoti ayi, bwenzi pano ndili PR."

"Zoona, bambo. Ndipo mwana wanu bwenzi atatsekeredwa kunja kuyambira lero."

Sanayankhe. Sindinawakakamize kuti asangalale, chifukwa munthu amene wadikira zaka zambiri n'kubwerera chimanjamanja pa khomo lomaliza ali ndi ufulu womva kuwawa.

Miyezi yodikira

Kalata inabwera yopempha fomu ya pempho IMM 0008 ndi ya za banja IMM 5406 zokonzedwanso, satifiketi ya kubadwa, zithunzi za mwana, ndi malangizo okayezetsa kwa dokotala wa pa mndandanda wa IRCC. Dokotala wina aliyense, kaya ndi katswiri chotani, zotsatira zake sizilandiridwa. Ntchito yaikulu inagwera mayi a mwana, amene anayenda ulendo wautali ndi khanda kumsana kukafika kumene kunali dokotalayo. Popanda kuvomera kwawo, zonse zikanavuta. Ndaonapo mafayilo ena pamene makolo anasiyana moipa ndipo kholo losunga mwana likukana kumuyezetsa. Pamenepo wopempha amayenera kusonyeza kuti anayesetsa mokwanira, ndipo amachenjezedwa kuti mwana wosayezedwayo sadzatha kumuitanitsa. IRCC sinapemphe kuyeza DNA, poti satifiketi inali yomveka ndipo masitampu a mu pasipoti ankagwirizana ndi nthawi ya pathupi.

Panali mawotchi awiri amene ankandidetsa nkhawa. Pemiti ya ntchito ya bambowa inali pafupi kutha, choncho isanathe tinapempha bridging open work permit, pemiti yogwirira ntchito podikira PR. Munthu akapempha pa nthawi yake amaloledwa kupitiriza kugwira ntchito podikira yankho, malinga akhalebe m'dzikomo. Apa panali povuta kuwauza, chifukwa mtima wawo unali pa ulendo wokaona mwana, ndipo ine ndinati adekhe kaye. Wotchi yachiwiri inali ya zotsatira za kuyezedwa kwawo, zimene zimagwira ntchito miyezi 12, ndipo tsiku lothera COPR limatsatira zimenezi kapena kutha kwa pasipoti. Zotsatira za mwana zinalandiridwa nthawi isanakwane, moti sanafunike kuyezedwanso.

Kutsimikizidwa

Ataitanidwa kachiwiri, zonse zinatenga mphindi zochepa. Tinaonetsetsa kuti mwana akuoneka m'fayilo monga woyezedwa koma wosatsagana nawo, ndipo bambowa anawerenga dzina lawo chilembo ndi chilembo asanasayine, poti cholakwika chosaoneka pa tsikulo chimalowa pa khadi ndipo kuchikonza kumatenga nthawi. Ofisala anasayina, n'kulemba tsiku. Tsiku limenelo ndi limene mawerengedwe onse amayambira: masiku 730 pa zaka zisanu zilizonse kuti munthu asunge PR, ndi masiku 1,095 m'zaka zisanu kuti apemphe unzika, pomwe tsiku lililonse limene anakhala monga wophunzira kapena wogwira ntchito m'zaka zisanuzo limawerengedwa theka, osapitirira masiku 365.

Ndinawauza kuti COPR aisunge ngati chuma ngakhale khadi litabwera, chifukwa imadzafunika pa unzika ndiponso pa penshoni ya Old Age Security. Anapita ku Service Canada kukasintha nambala yawo ya SIN, imene boma limapereka yogwirira ntchito ndi kulipirira misonkho, poti yoyamba ndi 9 ndi ya anthu okhala mongoyembekezera. Khadi la PR limatumizidwa pa positi ku adiresi ya mu Canada, ndipo wosapereka adiresi m'masiku 180 amayenera kupempha khadi mwatsopano. Ndinawalangiza kuti asagule tikiti khadi lisanafike m'manja, chifukwa PR wobwerera pa ndege amafunika khadilo, apo ayi apemphe Permanent Resident Travel Document ali kunja, ndipo akhoza kudikira kumeneko ntchito ikuwayembekeza. Anadikira, khadi linafika, ndipo anapita kukamuona mwana wawo.

Pamene nkhani ili tsopano

Pempho loitanitsa mwana silinatumizidwe. Mwanayo akadali wamng'ono, ndipo mayi ake sakufuna kuti asiyane naye, zimene ine ndikuona kuti n'zomveka. Akadzafuna kuti abwere yekha, mayiwo adzayenera kusayina fomu IMM 5604 yovomereza, ndipo bambowa adzalonjeza boma kumusamalira kwa zaka 10 kapena mpaka atakwanitsa zaka 25, chimene chidzayambe kufika.

Koma awiriwa akukambirana zokwatirana, ndipo izi zikubwezeretsa funso lija la kukhalira limodzi. Akakwatirana tsopano, bambowa adzatha kuitanitsa mayi ndi mwana pa pempho limodzi. Ndime 117(9)(d) siwakhudza mayiwo, chifukwa pa tsiku limene bambowa anakhala PR sanali mkazi wawo ndipo anali asanakhale nawo miyezi 12. Ofisala wodzaona pempho limenelo adzafuna kutsimikiza mfundo imeneyi, popeza ubwenzi wa zaka zambiri ndi mwana wobadwa PR isanatsimikizidwe zimadzutsa funsolo mwachibadwa. N'chifukwa chake kalata yolumbira ija, makope a masitampu a mu pasipoti, mapangano a lendi ndi zimene ndinalemba pa mafunso a ofisala tsiku loyamba lija ndazisunga pamodzi m'fayilo yawo, ndipo ndawapempha kuti andidziwitse asanasankhe tsiku la ukwati kuti tidzayambe kusonkhanitsa umboni wa ubwenzi wawo nthawi ikadalipo.